Chimene simenti anachita ku akachisi a ku Bagan

Ife okonza nyumba zakale timafunsidwa kawirikawiri kuti, khoma likang'aluka, bwanji osangolimata ndi simenti zithe? Poyankha ndimakonda kusimba za Bagan, mzinda wakale wa m'dziko la Myanmar ku Asia.

Bagan ali m'chigwa chouma m'mphepete mwa mtsinje wa Irrawaddy. Kuyambira m'nthawi ya mfumu Anawrahta, amene analowa ufumu mu 1044, mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1200, mafumu ndi anthu achuma anamanga kumeneko akachisi a Chibuda masauzande. Oposa 2,000 akadalipo. Nyumba za anthu, ndi ya mfumu yomwe, zinali zamatabwa, ndiye zinatha kalekale. Lero akachisiwo aima pakati pa minda ya mtedza ndi chitowe, mbuzi zikudya msipu m'munsi mwake.

Amisiri akalewo ankamanga ndi njerwa zowotcha, zopyapyala koma zazikulu, kuzilumikiza ndi matope, kunja n'kupaka pulasitala wa laimu. Pakachisi wa Dhammayangyi, wamkulu koposa onse, njerwa zinagwirana moti pakati pake singano imavuta kulowa. Khoma lotere ndi lofewerapo. Nthaka ikagwedezeka limasunthako pang'ono pamzere uliwonse wa njerwa, ndipo mvula ikalinyowetsa, chinyontho chimatulukira m'laimu dzuwa likawala.

Mu 1975 chivomerezi chinagwetsa nsonga zambiri za akachisiwo. M'zaka za m'ma 1990 boma la asilikali linayamba kumanganso mwachangu, ndi njerwa zatsopano, simenti ndi konkire. Pena panali mulu wa njerwa wokha, koma panadzuka kachisi wathunthu, maonekedwe ake ongoganizira.

Simenti ndi wolimba kuposa njerwa yakale, ndipo vuto lagona pomwepo. Mukaika nsonga yolemera ya konkire pamwamba pa khoma lamatope, chivomerezi chikabwera nsongayo imayenda ngati mwala umodzi, n'kuphwanya zimene zaisenza. Madzi nawo akalowa pamng'alu, simenti amawatsekera njira. Amadzera m'kati, mchere n'kumaumira m'njerwa, pulasitala wokhala ndi zithunzi za zaka 800 n'kumatupa mpaka kugwa zidutswazidutswa. Pa 24 August 2016 kunachitika chivomerezi cha mphamvu 6.8 chomwe chinawononga akachisi pafupifupi 400, ndipo zambiri zomwe zinagwa zinali zomangidwa posachedwa zija. Nsonga ya kachisi wa Sulamani inali imodzi mwa izo.

Komabe sindingafulumire kunyoza onse amene anasonkha ndalama za ntchitoyo. Kwa Mbuda wa ku Myanmar, kukonza kachisi ndi ntchito yabwino yomwe mphoto yake imamutsatira m'moyo ukubwerawo. Iye saona bwinja loti lisungidwe momwe lilili. Amaona nyumba yopembedzeramo yopanda denga. Pakachisi wa Ananda anthu amavula nsapato pachipata, amagwada, amapereka maluwa pamaso pa zifanizo zinayi zazitali za Buddha, monga akhala akuchitira kwa zaka mazanamazana. Mmisiri wofika ndi lamulo loti pasakhudzidwe kanthu sangapite patali. Chomwe angachite n'kukambirana nawo kuti denga likonzedwe, koma ndi laimu ndi njerwa zofanana ndi zakale.

Anthu okhala pafupi analipira mtengo wina. Mu 1990 boma linasamutsa mokakamiza mabanja omwe ankakhala m'kati mwa linga la mzinda wakale, n'kukawaika pamalo ena kumwera, pomwe lero pali tauni ya New Bagan. Chifukwa chake ankati n'kuteteza zakale, koma mahotela analoledwa m'dera lomwelo la akachisi, pamodzi ndi bwalo la gofu ndi nsanja yoonerapo yotalika pafupifupi mamita 60. Tauni ya Nyaung-U, komwe kuli msika ndi bwalo la ndege, ndi mudzi wa Myinkaba, wotchuka ndi mbale zansungwi zopaka utomoni wakuda, zimadalira alendo. UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika Bagan pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2019, koma posakhalitsa kunabwera Covid-19, kenako asilikali n'kulandanso boma mu 2021, alendo akunja n'kuchepa kwambiri.

Kukwera pamwamba pa akachisi kukaonera kulowa kwa dzuwa nako kunaletsedwa chivomerezi cha 2016 chitachitika. Alendo ena anadandaula, koma njerwa yomangidwa ndi matope ikapondedwa m'mphepete ndi anthu mazana madzulo aliwonse imagwedera, ndipo pogwederapo ndi pomwe mvula imalowera.