Kubwereka ndalama tsiku limodzi sikukupatsani viza ya ku Britain

Pali mphekesera yoti mukafuna viza yokaphunzira ku yunivesite ku Britain, mungobwereka ndalama kwa wachibale, muziike ku banki, musindikize sitetimenti, mawa lake muzibweze. Zimenezi ndi zabodza, ndipo ndi njira yachidule yotayira ndalama zolembetsera, zomwe sabweza akakukanani.

Lamulo limati ndalamazo zikhale mu akaunti masiku 28 otsatizana, osatsika ngakhale tsiku limodzi pansi pa mlingo wofunikira. Tsiku lomaliza la masiku 28 amenewo lisapitirire masiku 31 musanatumize pempho lanu. Mlingowo ndi fizi ya chaka choyamba imene yatsala, monga yalembedwera pa CAS yanu, nambala imene yunivesite imapereka ikakulandirani, kuphatikiza ndalama zodyera ndi zogona za miyezi yofika 9. Wokaphunzira ku London amafunika zochulukirapo.

Apa ndi pamene ambiri amagwa: ndalama zikakhala za makwacha, amaziwerengera m'mapaundi pa tsiku lotumiza pempho. Kwacha ikagwa sabata imeneyo, zimene zinali zokwana zimaperewera. Ikani zoposerapo.

Akaunti ya amalume kapena mnzanu saivomereza. Ya makolo amaivomereza, bola pakhale kalata yawo yololeza ndi chikalata cha kubadwa chotsimikizira ubalewo.

Ajenti akakuuzani kuti "akukonzerani" sitetimenti, thawani. Ofesi ya viza imatha kufunsa ku banki, ndipo chikalata chabodza chingakutsekereni khomo la Britain mpaka zaka 10.