Bungwe la Censorship Board ndi Ndakatulo za Nanzikambe

M'chaka cha 1968, patangopita zaka zinayi dziko la Malawi litalandira ufulu wodzilamulira, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Censorship and Control of Entertainments Act, limene linabala bungwe lounika mabuku, mafilimu, nyimbo ndi masewero anthu asanazione kapena kuzimva. Poyera, ntchito ya bungweli inali yoteteza chikhalidwe ku zolaula, koma chimene linkatchinjiriza kwenikweni chinali ulemu wa Ngwazi Dr Hastings Kamuzu Banda ndi ngodya zinayi za chipani cha Malawi Congress: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1970, mabuku oletsedwa anali atadutsa 800, ndipo mwa iwo munali Animal Farm ya George Orwell.

Alembi sanasiye kulemba, anangosintha kalankhulidwe. Gulu la Writers Group limene linayamba ku Chancellor College mu 1970 linatembenukira ku nthano ndi miyambi ya makolo, mmene munthu amatha kudzudzula mfumu potchula nyama yakutchire. Steve Chimombo ankalemba za Napolo, chinjoka chimene anthu a ku Zomba amati chikamasamuka m'phiri chimagumula miyala ndi kukokolola midzi, ndipo wowerenga wochenjera ankadziwa yekha kuti Napolo wake ndi uti. Jack Mapanje anasankha nanzikambe, kanyama kosintha mtundu kuti kapulumuke. Buku lake la ndakatulo la Of Chameleons and Gods linasindikizidwa ku London mu 1981, ndipo chodabwitsa n'chakuti silinalengezedwe kuti n'loletsedwa. Linangochotsedwa mwakachetechete m'masukulu ndi m'masitolo. Mu Seputembala 1987 apolisi anagwira Mapanje ku Zomba n'kukamutsekera kundende ya Mikuyu, kumene anakhala mpaka Meyi 1991 osamuzenga mlandu uliwonse.

Amene anayankhula popanda kuphiphiritsa anali maepiskopi a Katolika, m'kalata yawo yodzudzula boma imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992. Boma linati kupezeka nayo ndi mlandu woukira, nyumba yosindikizira mabuku ya Montfort ku Balaka, imene inasindikiza kalatayo, inatenthedwa, koma mantha anali atayamba kale kusungunuka. Malamulo aakulu a dziko a 1994 anapereka ufulu wolankhula mu ndime 35, ngakhale lamulo la 1968 lija silinafafanizidwe nthawi imeneyo.