Chifukwa chake okhala kumbuyo amazizidwa m'galimoto yamagetsi

Nyengo yozizira ikafika, eni galimoto zamagetsi amabwera ku galaja ndi dandaulo limodzimodzi: dalaivala akutuluka thukuta pamene ana kumbuyo akunjenjemera. Ambiri amafika atagamula kale kuti hita yafa. Tikaiyeza timaipeza ili bwinobwino, vuto lili pa njira imene mpweya wofundawo umadzera.

Galimoto ya petulo kapena dizilo imapeza kutentha kwaulere. Mafuta ambiri amene injini imawotcha amangosanduka kutentha, moti madzi oziziritsa injini amafika madigiri pafupifupi 90. Madziwo amadutsa m'karediyeta kakang'ono kuseri kwa dashibodi, fani n'kumakankhira kutenthako m'galimoto. Mota yamagetsi sitaya mphamvu chotero, ndiye kutentha kulikonse kumadya magetsi a m'batire lomwelo limene likuyendetsa matayala.

Galimoto zina zili ndi hita ya PTC, imene imatenthetsa mpweya ndi magetsi mwachindunji ndipo m'mawa wozizira imatha kukoka makilowati 5 kapena kuposa. Zina zili ndi heat pump, yomwe imagwira ntchito ngati firiji yotembenuzidwa: imatapa kutentha mumpweya wakunja n'kukulowetsa m'kati, magetsi omwewo n'kupereka kutentha kowirikiza kawiri kapena katatu kukakhala kuti sikunazizire mopitirira. Nissan Leaf inayamba kukhala nayo mu 2013, Tesla mu 2020 pa Model Y. Mulimonsemo kutentha n'kodula, choncho opanga galimoto amakugawa moumira, ndipo wakumbuyo ndiye amalandira pomaliza.

M'galimoto zambiri hita ndi imodzi yokha, kutsogolo. Mpweya wopita kumbuyo umayenda m'mapaipi apulasitiki aphwatalala pansi pa kapeti n'kukatulukira kunsi kwa mipando yakutsogolo. Gwadani muunike ndi tochi, muona kakamwa kakuda kopyapyala koloza kumapazi a wokhala kumbuyo. Apa ndi pamene timapeza botolo la madzi litagubuduzikira, chikwama chitapanikizidwa, kapena kapeti yalabala yogula padera itakwera n'kutseka kakamwako. Chotsani zimenezo musanaganize zopita ku galaja.

Kenako onani kumene mwalozetsa mpweya. Mapaipi apansiwo amalandira mpweya wokwanira mukasankha kachithunzi ka muvi woloza kumapazi. Mukalozetsa kumaso kapena pagalasi lakutsogolo, kumbuyo kumangofika nyenyeswa. Anthu ambiri amadalira timazenera totulukira mpweya tili pakati pa mipando yakutsogolo, koma m'galimoto zambiri timeneti tinaikidwa makamaka kaamba ka mpweya wozizira wa nyengo yotentha. Mpweya wofunda umakwera wokha, ndiye ndi bwino uyambire pansi. Fani ikhalenso pa liwiro lapakati kapena kuposerapo, chifukwa ikamazungulira pang'onopang'ono mpweya umazizirira m'njira. Kukweza nambala ya madigiri kokha kumangowotcha dalaivala ndi kudya batire.

Pali mabatani awiri amene amasokoneza anthu. Galimoto za Hyundai ndi Kia monga Kona Electric ndi Niro EV zili ndi batani la Driver Only, lotumiza mpweya kwa dalaivala yekha. Munthu amaliyatsa akuyenda yekha mkati mwa sabata, Loweruka n'kunyamula banja ataliiwala. Linalo ndi Eco, limene m'galimoto zambiri limachepetsa mphamvu ya hita. Zonsezi zikakhala bwino koma mpweya ukubwerabe mofooka, sinthani sefa ya mpweya wa m'kati. Ikadzaza fumbi, oyamba kumanidwa ndi akumbuyo.

Chimene ndimalimbikitsa kwambiri ndi kufunditsa galimoto ikadali pa chaja, mphindi 15 kapena 20 musananyamuke. Mipando, magalasi ndi pansi zimafunda ndi magetsi a pakhoma, batire n'kutsala ndi ntchito yochepa yongosunga kutenthako. Ngati mipando yakumbuyo ili ndi zofunditsira zake, ziyatseni: zimadya mawati makumi angapo chabe pa mpando umodzi.

Mwana wa pampando wake wapadera yekha ndiye sapindula nazo, pakuti kutenthako sikudutsa pulasitiki wa mpandowo. Musam'veke jekete lokhuthala pansi pa malamba, chifukwa pangozi jekete limaphwa, malamba n'kukhwepa. M'mangeni bwino ndi zovala zopepuka, bulangete mum'funditse pamwamba pa malambawo, ndipo mpweya muulozetse kumapazi.