Wina akakupatsani nkhani ya mbendera kuti mumuonere

Mwezi wa Okutobala ukamayandikira, nkhani zonena za mbendera zimachuluka. Ana a sukulu amalemba za mpikisano, aphunzitsi amakonza zokayankhula pa 24, tsiku lokumbukira ufulu wa Zambia, achinyamata a m'mawailesi a kuno ku Chipata nawonso amafuna zowerenga pa pulogalamu. Akamaliza kulemba amafuna wina woti awaonere, ndipo winayo akhoza kukhala inu. Ine ntchito yanga ndi yomweyi, yokonza zolemba za ena. Nkhani ya mbendera imaoneka yophweka, koma ndiyo imapunthwitsa olemba ambiri, chifukwa aliyense woiwerenga mbenderayo anaiona kale ndi maso ake. Mukalakwitsa pa nkhani ya misonkho amazindikira ndi odziwa okha. Mukasokoneza mitundu ya mbendera, ngakhale mwana wa giredi 4 akutsutsani.

Choncho cholembera chiyambe chadikira. Ikani chithunzi cha mbendera pambali pa pepalalo, muziyerekeza chiganizo chilichonse ndi zimene mukuona. Ya Zambia ndi yobiriwira, ndipo kumapeto kwake kuli mizere itatu yoimirira: wofiira, wakuda, kenako wa mtundu wa lalanje. Pamwamba pa mizereyo pali nkhwazi. Olemba amakonda kunena kuti nkhwaziyo ili "kumanja". Kumanja kwa ndani? Mbendera ili ndi nkhope ziwiri, ndipo woima kuseri amaiona kumanzere. Muwauze alembe kuti ili mbali yotalikirana ndi mlongoti. Akatero apezanso mfundo yokoma yomwe anaiphonya: mayiko ambiri chizindikiro chawo amachiika pakati kapena pafupi ndi mlongoti, koma Zambia inachiika kumene nsalu imakupizira ndi mphepo.

Kenako zaka ndi maina. Mbendera yathu inayamba kugwira ntchito pa 24 Okutobala 1964, ndipo anaijambula ndi Gabriel Ellison. Apa khalani maso. Dzinali limapusitsa, moti nthawi ndi nthawi ndimaona "Bambo Ellison" atalembedwa molimba mtima. Anali mayi, katswiri wa zojambula yemwe anajambulanso masitampa ambiri a dziko lino. Wolemba wina anena kuti mbenderayi sinasinthepo chiyambire. Inasinthidwa pang'ono mu 1996, pamene kubiriwira kwake anakuwalitsako. Wina amaonjezera nsomba m'zikhadabo za nkhwazi. Nsombayo inali pa chizindikiro cha Northern Rhodesia, nthawi imene Chipata ankatchedwa Fort Jameson. Nkhwazi ya Zambia siinyamula kanthu.

Ya anansi athu a ku Malawi ndiyo imafuna kusamala koposa, makamaka kwa ife amene timaiona ikukupiza pa malire a Mwami. Ya pa 6 Julayi 1964 ili ndi wakuda pamwamba, wofiira pakati, wobiriwira pansi, ndi dzuwa lofiira lotuluka pa mzere wakudawo. Mu 2010 boma la Bingu wa Mutharika linaisintha: wofiira unakwera pamwamba, wakuda unabwera pakati, dzuwa linakhala loyera ndi lathunthu. Mu 2012, Joyce Banda ali pa mpando, nyumba ya malamulo inabwezeretsa yakale ija. Zithunzi za mbendera ya zaka ziwiri ija zikadali mbwee pa intaneti. Wolemba akhoza kulondola mawu onse koma n'kukokera chithunzi cholakwika, ndiye chithunzi nachonso chionedwe ngati mbali ya nkhani.

Tsopano pamene ine ndimakhalitsa. M'nkhani ya mbendera mumakhala zinthu zitatu zomwe olemba amaziphika mu mphika umodzi: zimene zajambulidwa, zimene dziko limanena kuti zikutanthauza, ndi zimene wolembayo akuganiza. Ntchito ya mkonzi ndi kuzilekanitsa. Ku Zambia wobiriwira ukuimira zomera ndi chilengedwe, wofiira nkhondo yomenyera ufulu, wakuda anthu, wa lalanje chuma cha m'nthaka monga mkuwa, ndipo nkhwazi ikuimira mphamvu za anthu zouluka pamwamba pa mavuto. Zimenezi ndi za Zambia. Wolemba akatenga tanthauzo limeneli n'kulipaka pa mbendera zonse za mu Africa, muimitseni. Chuma cha m'nthaka chomwe ife timachisonyeza ndi lalanje, Tanzania ndi Mozambique amachisonyeza ndi chikasu. Botswana inasankha mtundu wa thambo poganizira madzi ndi mvula.

Chimodzimodzi mawu akuti "mitundu ya umodzi wa Africa". Mabanja ake ndi awiri. Wobiriwira, wachikasu ndi wofiira unachokera ku Ethiopia, ndipo Ghana inautenga mu 1957 pa mbendera yomwe anajambula Theodosia Okoh. Wofiira, wakuda ndi wobiriwira unachokera ku gulu la Marcus Garvey, womenyera ufulu wa anthu akuda, mu 1920, ndipo ndi umene mumauona pa mbendera za Malawi ndi Kenya. Wolemba anene banja lomwe akulikamba.

Nanga maganizo ake? Asawachotse. Pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, kumene Achewa a mayiko atatu amakumana, wachinyamata akhoza kuona mfuti pa mbendera ya Mozambique n'kulemba kuti ndi yoopsa. Ali ndi ufulu wotero. Chomwe mumupemphe n'chakuti ayambe wauza owerenga zonse zili pamenepo: mfuti yopingasa ndi khasu, pansi pake buku lotsegula, zonse pa nyenyezi yachikasu, kuti mbenderayi ndi ya 1983, kuti mfuti ikuimira kuteteza dziko, khasu ulimi, buku maphunziro, ndiponso kuti eni ake anakambirana zoisintha mu 2005 koma nyumba ya malamulo inakana. Atanena zimenezi, alembe kuti "ine ndikuona". Chitsutso chake chimalemera akatero. Kwa ine, nkhani ya mbendera yopanda maganizo a mwini wake imangokhala ndandanda ya mitundu, ndipo palibe amaiwerenga mpaka pansi.

Kanenedwe ka ndemanga nako n'kofunika. Mawu akuti "sizikumveka" kapena "konzaninso" sathandiza munthu, amangomufooketsa. Lozani malo enieni, nenani chifukwa, musiye iye akonze. Kwa mphunzitsi wachikulire ndimalemba motere: "Aphunzitsi, pa ndime yachitatu mwanena kuti mbalame ya pa mbendera ya Zimbabwe ndi yofanana ndi yathu. Yawoyo anaitenga ku mbalame zosemedwa pa mwala zomwe zinapezeka ku Great Zimbabwe. Kodi simungaonenso chiganizochi?" Kwa mwana wa mlongo wanga ndinganene mwachindunji kuti, "Iwe, ndime yako yoyamba ikutiuza kuti mbendera ndi nsalu. Timadziwa. Yamba ndi nkhwazi." Onse awiri adziwa pogwira. Musawalembere nkhaniyo inu, chifukwa pamapeto idzatuluka ndi dzina lawo koma mawu anu.

Nkhani ikafuna kukamba mayiko 20 m'masamba awiri, alangizeni asankhe atatu kapena anayi. Zoti ya Nepal si ya ngodya zinayi, kapena kuti ya Chad ndi ya Romania zimangotsala pang'ono kufanana, ndi zokometsera. Chiganizo chimodzi chikwana.

Kalembedwe ka mawu ndi zizindikiro za m'kalembedwe muzione pomaliza, ndime zoti zichoke zitachoka kale. Ngati nkhaniyo ikasindikizidwa pa pepala, pemphani tsamba limodzi loyesera musanalipire onse. Makina ena inki ikachepa amatulutsa lalanje ngati chikasu, ndipo ena amalifiiritsa mpaka mizere iwiri ya m'mbali imaoneka ya mtundu umodzi.