Kuwerenga sikuyambira kusukulu ayi

Ambirife timaganiza kuti mwana amayamba kuphunzira tsiku lomwe wavala yunifolomu, zam'mbuyomo ndi masewera basi. Ayi ndithu. Khanda limayamba kumva mawu lili m'mimba, pofika miyezi 6 limakhala likuzindikira dzina lake. Kuwerenga kumatsamira pa mawu omwe mwana anawamva kale, nde ngati sanamvepo mawu oti "mthunzi", olo atatchula bwino zilembo zonse sangadziwe chomwe wawerenga. Muzimuyankhula pomusambitsa, muzimuimbira, nthano zija muzimuuza m'chiyankhulo chanu chomwecho, sichimulepheretsa kudzaphunzira china. Enanu mumati "ine sukulu sindinapite nayo patali", komatu kuloza chithunzi m'buku nkumufunsa kuti akuona chani sikufuna satifiketi, ndipo akang'amba tsamba limodzi musamulande bukulo chonde.