Samalani ana nthawi ya phala: uthenga kwa alezi, makolo ndi a komiti ya mkombaphala

Mwana wa zaka 3 mpaka 5 akamva fungo la phala amathamangira kumafuwa, anzake akumukankha kumbuyo. Nthawi imeneyo mlezi amakhala akutsuka makapu, amayi ophika akutakasa mphika. Apa m'pofunika kuti munthu wamkulu mmodzi asiye ntchito zonse, maso akhale pa ana basi.

Phikirani patali ndi bwalo losewerera, ndipo mutchinge malowo ndi mpanda, ngakhale wa bango kapena mapesi. Phala lamoto ndi loopsa chifukwa limamatirira pakhungu n'kupitiriza kuwotcha, pomwe khungu la mwana ndi lopyapyala kuposa la wamkulu. Musadutse ndi ndowa ya phala pakati pa ana. Ayambe akhala pamphasa, phala ligawidwe m'makapu, lipoleko, kenako alandire. Mukaphula, thirani madzi pamakala, chifukwa phulusa limaoneka lozizira pamwamba koma mkati muli moto, ndipo ana ambiri amayenda opanda nsapato.

Mwana akapsa, thirani madzi oyera ozizira pamalo opsawo kwa mphindi 20. Zimaoneka ngati kuchedwa, makamaka mwana akulira, koma madziwo ndi amene amaletsa bala kulowa mkati. Muvuleni chovala chonyowa, koma chimene chamatirira pakhungu musachikoke. Musapake Colgate, dzira, mafuta ophikira kapena mchere, ndipo matuza musaboole. Phimbani balalo ndi nsalu yoyera, mwanayo mumufunditse. Akapsa kumaso, m'manja, kumapazi, kumaliseche, kapena bala likaposa chikhatho chake, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Madzi nawonso amapha mwakachetechete. Mwana akagwera chamutu mu ndowa, ngakhale madzi ali ochepa, amalephera kudzuka ndipo sakuwa. Vindikirani ndowa ndi zitsime, kwirirani maenje oumbira njerwa mvula isanayambe, ndipo bowo la chimbudzi cha ana likhale laling'ono, lokhala ndi chivindikiro.

Parafini, klorini, mankhwala a makoswe ndi othira m'chimanga asasungidwe m'chipinda cha ana, ndiponso asathiridwe m'botolo la zakumwa. Mwana akamwa parafini musamusanzitse, chifukwa akamasanza parafiniyo amalowa m'mapapo. Pitani naye kuchipatala mutanyamula botololo.

Mtedza, chimanga chokazinga, mikanda ndi ndalama zachitsulo zimatsamwitsa. Ngati mwana akutsokomola mwamphamvu, musiyeni atsokomole. Ngati akulephera kulira kapena kupuma, muweramitseni, mumumenye ndi chikhatho kasanu kumsana, pakati pa mapewa. Zikakanika kwa mwana woposa chaka chimodzi, mugwireni chakumbuyo, mufinye pamwamba pa mchombo chokwezera m'mwamba kasanu. Musapise chala kukhosi pofufuza chinthu chimene simukuchiona. Pemphani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti adzaonetse alezi onse kachitidwe kake pamsonkhano wa komiti.