Khofi, shuga wa m'mawa ndi insulini: mayankho ochokera ku kiliniki ya matenda a shuga

Chikhwimitsireni lamulo la kuyezetsa m'mawa, pa benchi lodikirira pakhala phokoso. Ena akuti taletsa khofi ndi tiyi, ena akuti tikubweza dala anthu ochokera kutsidya kwa Shire. Palinso nkhani ya makina oyezera shuga yomwe yafika mpaka kwa mafumu. Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe anamwino athu akhala akufunsidwa ndi odwala obaya insulini kuno ku chigwa cha Shire. Tayankha momwe tingathere, koma dongosololi ndi la kiliniki yathu, ndipo kwina likhoza kusiyana.

Lamulolo likuti chiyani kwenikweni?

Tsiku la kiliniki bwerani mutatha maola 8 osadya kanthu, osamwa tiyi, khofi kapena thobwa. Madzi imwani.

Khofi wopanda shuga ndi mkaka walakwa chiyani? Si madzi akuda chabe?

Apa ndiye pali mkangano waukulu, makamaka ndi abambo ogwira ntchito usiku, alonda ndi othirira nzimbe ku Nchalo, omwe amabwera kuno molunjika kuchokera ku ntchito. Mu khofi muli kafeini, chomwe chimathamangitsa tulo chija. Kafeini amadzutsa thupi, ndipo kwa anthu ena amachititsa kuti insulini isagwire bwino ntchito kwa maola angapo, shuga n'kukwera ngakhale m'kapu simunalowe supuni ya shuga. Kwa ena sasintha kanthu. Ife sitingadziwe kuti inu muli mbali iti pongokuyang'anani.

Nambala yomwe timapeza m'mawa ndi yomwe adokotala amagwiritsa ntchito poona ngati insulini yanu ya usiku ikukwanira. Ikakwera chifukwa cha khofi, iwo n'kukuwonjezerani mayunitsi a insulini, tsiku lomwe simunamwe khofi shuga akhoza kutsika kwambiri muli m'tulo. Ngozi imeneyi ndi yomwe tikuyipewa. Tiyi nayenso ali ndi kafeini, wocheperapo, koma lamulo ndi lomwelo chifukwa ambiri akati "tiyi wopanda shuga" amatanthauza wa supuni imodzi.

Ndibaye insulini ndisananyamuke kunyumba?

Ya usiku bayani monga mwa masiku onse. Ya m'mawa musabaye. Insulini yoyera ngati madzi ija imayamba kugwira ntchito patatha mphindi 30, ndipo munthu wobaya m'mimba mulibe kanthu, n'kupalasa njinga kuchokera ku Ngabu kapena kuwoloka Shire pa bwato, akhoza kukomoka panjira. Tengani insulini, sirinji ndi chakudya chanu, mudzabaye mukangoyezedwa, kenako mudye.

M'thumba musasowe shuga. Mukayamba kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yoopsa kapena chizungulire muli panjira, nyambitani masupuni aang'ono atatu kapena anayi a shuga, kapena imwani theka la tambula ya chakumwa chotsekemera, ndipo idyani. Musati "ndiwononga zoyeza". Mudzangotiuza mukafika.

Bwanji obaya insulini amadumpha mzere?

Sadumpha, timawaitana tokha. Sangakhale mpaka 10 koloko osabaya komanso osadya.

Ndimagona shuga ali bwino, ndikadzuka ali pamwamba, chonsecho usiku sindidya. Kodi makina anu ndi abwino?

Makina timawayesa. Chomwe chimachitika n'chakuti m'bandakucha, kuyambira cha m'ma 3 koloko, thupi limatulutsa timadzi tokonzekeretsa munthu kudzuka, ndipo chiwindi chimatulutsa shuga yemwe chinasunga. Munthu wopanda matendawa thupi lake limatulutsa insulini yokwanira kubweza shugayo. Inu mumadalira ya m'botolo, ndipo ngati munabaya molawirira madzulo, pofika m'mawa mphamvu yake imakhala ikutha.

Zifukwa zina zilipo: nsima yambiri madzulo, malungo kapena chilonda chomwe chikutukusira, insulini yowonongeka ndi kutentha, kapena kubaya malo amodzimodzi mpaka khungu linachita chotupa cholimba. Palinso ena omwe shuga amawatsikira pakati pa usiku osadziwa, n'kudzuka mutu ukupweteka, zofunda zili chinyezi ndi thukuta. Ameneyu akawonjezera yekha insulini ya usiku wadziika pa ngozi. N'chifukwa chake timapempha omwe ali ndi makina kuti masiku ena ayeze cha m'ma 2 kapena 3 koloko usiku, alembe m'buku.

Kwa akuluakulu ambiri timafuna nambala ya m'mawa ikhale pakati pa 80 ndi 130. Makina ena amawerenga mosiyana, amaonetsa manambala aang'ono, pamenepo ndi pakati pa 4.4 ndi 7.2. Pansi pa 70, kapena 3.9 pa makina enawo, shuga watsika. Ana, amayi oyembekezera ndi okalamba amapatsidwa malire awoawo.

Ndiye masiku ena onse khofi ndi wololedwa?

Sitinaletsepo khofi. Kapu imodzi kapena ziwiri kwa munthu wamkulu si vuto kwa ambiri. Vuto limakhala zomwe zalowa m'kapumo ndi zomwe zili pambali pake. Timapaketi tosakaniza kale tomwe tadzaza m'maokala, toti mungothira madzi otentha, timakhala ndi shuga ndi mkaka wa ufa, ndipo khofi weniweni ndi wochepa. Khofi wina wa m'zitini nayenso ndi wosakaniza ndi zotsekemera, werengani pa chitinipo. Mukaonjezapo mandasi awiri, shuga sangalephere kukwera, ndipo mlandu umagwera khofi.

Chinanso, khofi si chakudya. Wobaya insulini ya m'mawa adye phala, mbatata kapena chinangwa pa mlingo womwe anauzidwa, asangomwa khofi n'kupita ku dimba. Komanso khofi wambiri amanjenjemeretsa manja ndi kuthamangitsa mtima, zofanana ndi zizindikiro za shuga wotsika, ndiye munthu amasokonezeka. Ngati mulibe poyezera ndipo mukukayika, tengani ngati shuga watsika. Amene ali ndi makina akhoza kudziyesa yekha: ayeze asanamwe, ayezenso patatha maola awiri, chakudya chikhale chofanana tsiku la khofi ndi tsiku lopanda khofi. Amayi oyembekezera ndi odwala BP afunse adokotala kaye.

Makina oyezera kunyumba mumapatsa ndani? Ena alandira, ena tikuuzidwa kuti tikagule. Pali kukondera?

Funsoli tikuliyankha mosamala chifukwa lakhumudwitsa anthu ambiri. Kuonana ndi adokotala, kuyezedwa pa kiliniki, insulini ndi masirinji m'chipatala cha boma salipiritsa. Wina akakuuzani kuti mupereke ndalama pa zimenezi, kanenani kwa mkulu wa anamwino. Zipatala za mishoni zili ndi dongosolo lawo la malipiro, sitingaziyankhulire.

Makina opita nawo kunyumba ndi nkhani ina. Sabwera nthawi zonse ngati mankhwala, ndipo akabwera amakhala ochepa kuyerekeza ndi anthu ofuna. Pamene alipo, timayamba ndi ana ndi achinyamata omwe thupi lawo silipanga insulini ngakhale pang'ono, kenako amayi oyembekezera obaya insulini, kenako omwe akhala akukomoka kapena kugonekedwa kawirikawiri chifukwa cha shuga. Kutalika kwa mtunda timakuganizira, koma pakokha sikupatsa munthu makina. Kukhala pa mndandanda si lonjezo, ndipo sitingatchule tsiku.

Tikudziwa kuti pali anthu omwe ali ndi makina koma timapepala toyezera tinatha. Timapepala ta mtundu wina sitilowa m'makina a mtundu wina, ndipo zomwe timalandira sizikhala za mtundu umodzi nthawi zonse. Amene akufuna kugula yekha, sitimukakamiza komanso sitimuletsa, koma afunse kaye mtengo wa timapepala ndi komwe tizipezeka, chifukwa ndalama zambiri zimathera pamenepo, osati pa makina. Za kukondera, amene ali ndi umboni abwere nawo. Mndandanda umalembedwa ndi adokotala, osati a pakhomo.

Insulini ikatha ku famase titani?

Zimachitika, sitikana. Musachepetse mayunitsi mwa nokha pofuna kuti botolo lifike kutali, ndipo musasiye. Bwerani botolo lisanathe kuti tione komwe ingapezeke. Mukagula kwina, tionetseni botolo ndi sirinji musanabaye, chifukwa insulini yoyera ndi yamtambo (yooneka ngati mkaka) sizilowana m'malo.

Kuno kumatentha. Wopanda firiji asunge bwanji?

Mwezi wa October ndi November kutentha kuno kumapitirira madigiri 40, pomwe botolo lomwe mukugwiritsa ntchito silifunika kupitirira 30. Ikani botolo m'kachitini kotseka bwino, kachitiniko mukaike mu mtsuko wadothi wokhala pa mchenga wonyowa, pamthunzi podutsa mphepo. Lisamire m'madzi. Pa ulendo likulungeni m'kansalu konyowa, osati m'thumba la malaya kapena pansi pa mpando wa njinga yamoto. Botolo lotsegula ligwiritsidwe ntchito kwa masabata anayi. Yoyera ikachita mtambo, kapena yamtambo ikachita timibulu tosasungunuka poipukusa m'manja, yawonongeka. A firiji asaike mu gawo loundanitsa madzi.

Kodi lamuloli lathandizapo?

Inde. Manambala omwe adokotala akuona tsopano ndi odalirika.

Ndikaiwala n'kumwa khofi, mundibweza?

Ayi. Madandaulo akuti ena anabwezedwa atalipira kabaza ndi bwato tawamva, ndipo tawakumbutsa onse ogwira ntchito kuti wobaya insulini sabwerera chimanjamanja. Nenani zoona: mwamwa chiyani, nthawi yanji. Tidzakuyezani, tidzalemba m'buku kuti munamwa, mudzalandira insulini yanu. Chomwe mwina sichichitika tsikulo ndi kusintha mayunitsi a usiku.

Madzi akasefukira, ndingatume munthu kudzanditengera insulini?

Zomwe zinachitika ndi namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 tonse tikuzikumbukira, misewu itaduka. Pa nthawi ngati imeneyo timalola wachibale kubwera ndi buku lanu la kuchipatala, koma osati maulendo awiri otsatizana adokotala asanakuoneni. Okhala m'madera omwe amadulidwa ndi madzi atiuze mu November, mvula isanalimbe, kuti tione ngati zilipo zokwanira kuwapatsa za nthawi yotalikirapo.